Wakufa Salowa M'bwalo

Chikhakha anachichotsa, koma mkono wa Wiza unakana kuwongoka. Unangokhala chipindikire pachigongono, ndipo mwanayo ankayenda nawo choncho tsiku lonse, atauphatika pamimba. Adokotala anaujambula, n'kunena kuti fupa lalumikizana bwinobwino. Chatsala n'chakuti mwana aziugwiritsa ntchito: aziponya, azikoka, aziutambasula ngakhale zikuwawa. Akapanda kutero chigongono chiumira pomwepo, ndipo adzakula nacho.

Mayi ake, Chitemwa, anamva zonsezo. Si munthu wogona ayi. Ku Capital Hill akayamba kulankhula pamsonkhano, abambo a mataye amasiya kuseweretsa mafoni. Koma abale inu, kulamula ofesi n'kwina, kumva mwana wako wa zaka zisanu ndi chimodzi akulira n'kwinanso. Madzulo aliwonse ankamukhazika Wiza pabalaza, kumugwira dzanja lamanjalo, n'kunena kuti, "Tiye mwanangu, pang'ono pokha." Wiza akangoti, "Mami, zikuwawa!" basi, manja a Chitemwa ankafooka. Ankamusiya, kumupukuta misozi, n'kumupatsa foni kuti aonere makatuni.

"Amake Wiza, mwanayu mukumusunga ngati dzira," anatero mwamuna wake, Felton, tsiku lina.

"Litasweka dziralo analitola ndani?" anayankha Chitemwa. "Inu munali ku Karonga ndi ntchito zanu. Kulira kwake ndinakumva ndi ine."

Zinali zoona. Wiza anagwa panjinga pabwalo la nyumba yawo ku Area 47, bwalo lowaka njerwa za simenti kuyambira pageti mpaka pakhonde, lopanda ndi kadothi komwe. Chiyambire tsiku limenelo njinga inatsekeredwa m'sitolo. Kuthamanga kunaletsedwa, kukwera pampando kunaletsedwa. Naye Wiza anaphunzira msanga: chinthu chikangovuta, kaya ndi chingwe cha nsapato, kaya ndi chitsekerero cha botolo, ankangochisiya n'kunena kuti, "Sindingathe."

Nkhondo yaikulu inali ya m'mawa. Yunifolomu ya kusukulu inali diresi lovalira kumutu, ndipo kuti mkono ulowe pankafunika kuukweza. Kulira kwake! Mpaka agalu a kwa aneba ankayankhira. Ndiye Chitemwa anaganiza zoti diresilo alidule m'mbali, aikemo mabatani, kuti mkono uzilowa uli chipindikire. Mumtima ankadziwa kuti uku n'kugonja, n'chifukwa chake Felton sanamuuze. Matelala ku Area 47 ndi mbwee, koma onse amadziwana ndi amayi a kutchalitchi kwake. Loweruka m'mawa anapinda diresilo, n'kuliika m'chikwama, n'kunyamuka ndi mwana wake ulendo wa ku Old Town, kwa Adija.

Adija anali mnzake wa paubwana. Bambo a Chitemwa atabwera kuchokera ku Rumphi kudzagwira ntchito yaukalaliki, anapeza nyumba ya lendi kuseri kwa msewu wa Malangalanga, khoma limodzi ndi a Abdulmajid, telala wa pakhonde, bambo ake a Adija. Pa Idi Chitemwa ankadya mpunga kwa anzakewo mpaka mimba kuti ndi ndi ndi. Pa Khirisimasi Adija ankabwera kudzamwa Fanta. Kenaka sukulu, ukwati, galimoto, geti. Sanakangane ayi. Anangotalikirana, monga amachitira anthu a mumzinda umodzi.

Atawoloka mlatho wa Lilongwe, fungo la kumeneko linamulandira: chipisi chapachiwaya, utsi wa maminibasi, usipa wouma, fumbi la Okutobala. Ha! Mtima wake unachita ngati wabwerera kwawo kwenikweni, ndipo anadabwa kuti wakhala bwanji zaka zonsezi osapondako.

Anamupeza Adija pakhonde lomwe lija, pamakina omwe aja a bambo ake, mpango wakuda kumutu, mapini kukamwa. Atakweza maso analavulira mapiniwo m'dzanja.

"Iii! NyaGondwe! Kodi uli moyo? Ine ndimayesa boma linakudya!"

"Ndiwe wabodza, nambala yanga uli nayo."

"Nambala ya bwana timaimbira ife? Tabwera kuno ndikuone. Wanenepa, mwana wa a kalaliki!"

Anakumbatirana, kuseka mpaka misozi. Kenaka Adija anaona Wiza atabisala kumbuyo kwa mayi ake, kamkono kali pamimba. Chitemwa anafotokoza mwachidule, maso ali kumbali, n'kutulutsa diresi lija. Adija analitembenuza, kuyeza m'mbali ndi chala, osafunsa zambiri.

"Ndidula, si nkhani," anatero. "Ndimalize kaye kolala ya eni akeyi, akubwera masana. Khalani apa."

Anakhala pabenchi. Makina ankalira, Wiza ankapempha foni. Ndiye kuseri kwa nyumba kunamveka phokoso limene Chitemwa anali asanalimve chichokereni kuno: mapazi opanda nsapato akupalasa mchenga, mpira kuti thi pakhoma, ndi mawu a atsikana akukuwa pamodzi, "Wafa! Wafa!"

"Adija, usandiuze kuti ndi fulaye imeneyo."

"Nanga n'chiyani? Ndi Hasina wanga ndi anzake. Amayamba m'mawa, kudya mpaka kuwakoka ndi khutu."

Chitemwa anadzuka osadziwa kuti wadzuka. Anadutsa kanjira kapakati pa nyumba, Wiza akumutsatira atagwira siketi yake. Bwalo lija linalipo ndithu, koma linachepa. Mtengo wa mango unadulidwa, ndipo pamene pankakhala bafa la udzu panali kontena yogulitsiramo matayala. Koma mchenga unali womwe uja, wofiirira, umene mvula imakokolola kuchokera kumsewu chaka ndi chaka. Pakati pa bwalo panali botolo la Fanta. Atsikana awiri anaima uku ndi uku akuponyerana mpira wa mapepala a pulasitiki womangidwa ndi mphira, ndipo wapakati ankazinda, mpira ukamudutsa n'kugwada msangamsanga kuthira mchenga m'botolo.

"Akutani?" anafunsa Wiza.

"Wapakatiyo akufuna adzaze botolo," anatero Chitemwa. "Mpira ukamugunda, wafa, amakakhala pambali, n'kulowa mnzake kupitiriza. Akafa onse, mchenga amaukhuthula, n'kusinthana ndi oponyawo. Koma mmodzi akangolidzaza, anzake onse amene anafa amadzuka."

Mawu ake anali atasintha. Pabwalo limeneli ndi pamene iye anali mfumukazi. Ankazinda chodumpha, chogwada, chogona chafufumimba, ankabwera kunyumba mawondo ali magazi okhaokha, mayi ake n'kungoti, "Kasambe, upake mchere." Chipsera cha pabondo lamanzere, chimene lero amachibisa ndi siketi yaitali, anachitengera pompano. Ankalira, inde, koma kulira kwake kunali kwa chiimire, maso ali pa mpira.

"Ana inu, mukumuona mayi uyu?" Anali Adija, atasiya makina, wayima kumbuyo kwawo manja ali m'chiuno. "Uyu kale mpira sunkamukhudza. Koma panali mkono umodzi wokha umene unkamupeza. Lero ndi mipando ya ku Capital Hill ija, ngakhale wakhungu akhoza kumugenda."

"Iwe Adija, usandiyambe."

"Ndakuyamba kale. Vula nsapatozo."

Anthu akuluakulu, abale, amayi a ana! Chitemwa anavula nsapato, n'kumanga chitenje cha Adija m'chiuno. Hasina, kamtsikana kowonda ka mawu ngati wenzulo, kanagawa magulu: Adija ndi atsikana awiri mbali imodzi, iko ndi Chitemwa mbali ina.

"Ife tachepa. Uyu ndi wathu," kanatero, kakuloza Wiza.

"Ayi, ameneyo angoonerera," anatero Chitemwa. Koma Hasina anali atatembenuka kale, ndipo Wiza sanakane. Anangoima pakhoma, maso ali pa botolo.

Chitemwa analowa pakati. Mpira woyamba unabwera, thupi lake linazinda lokha iye asanaganize. Wachiwiri anaudumpha, ana n'kukuwa. Anagwada, kutapa mchenga wotentha ndi manja onse awiri, ndipo kufunda kwake m'zikhatho kunamubwezera zaka zonse zija nthawi imodzi: mayi ake akuitana kuchokera pakhomo, a Abdulmajid akuwopseza ndi lula kuti mpira usagwere pansalu za eni, dzuwa likulowa iwo osafuna kusiya. Anaseka mokweza, kuseka kumene Wiza anali asanakumvepo. Botolo linafika pakati. Ndiye pofuna kudzionetsa anatembenuka mwamatama, Adija n'kumupeza nawo pambuyo kuti phaa!

"Wafa! Anti afa!"

"Walira mvula walira matope, NyaGondwe! Kakhale uko!"

Anakakhala pansi patsinde pa khoma, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Hasina analowa, n'kuwonjezera mchenga pang'ono, naye mpira unamupeza paphewa. Ndiye bwalo lonse linatembenukira kwa Wiza.

"Lowa! Watsala ndiwe! Utidzutse!"

Chitemwa anatsegula pakamwa kuti aletse, koma mwanayo anali atayamba kale kuyenda, pang'onopang'ono, kamkono kali pamimba, nsapato zoyera zikumira mumchenga. Adija anayang'ana mnzake, n'kuponya mpira mofewa, kutali ndi mwanayo. Mtsikana wa mbali inayo anaubweza, Adija n'kuponyanso chimodzimodzi, m'mwamba ngati akudyetsa nkhunda.

"Aaa, amayi mukukondera!" anakuwa Hasina, ngakhale kukonderako kunali kothandiza gulu lake. Wiza anaima osatapa mchenga. Anayang'ana Adija, n'kuyang'ana mayi ake, nkhope itagwa.

Nkhope imeneyo Chitemwa anaidziwa, chifukwa inali yake. Atangofika kumene kuno, kamtsikana kolankhula Chitumbuka chokhachokha, ana a pano ankamulowetsa m'masewera mongomumvera chisoni. Ankamuponyera mofewa, akamugunda osawerengera. Palibe chinkamuwawa ngati chimenecho. Tsiku limene Adija anamumenya nawo mpira pamphuno mpaka kamfuno, n'kukuwa kuti "Wafa!" ngati mmene ankakuwira kwa wina aliyense, ndi tsiku limene anakhala mwana wa pabwalo pano. Anapita kunyumba magazi ali pamalaya, mtima uli mbee.

"Adija," anatero. "Ponya zenizeni."

"Watsimikiza?"

"Ndati ponya."

Mpira unabwera ukulira. Wiza anadumphira kumbali, mpira n'kumuphonya, koma nsapato zinakolana ndipo anagwa chafufumimba, manja onse awiri pansi. Kenaka kulira kuja kunayamba, kwa m'mawa uliwonse kuja, ndipo Chitemwa anapezeka ali chiimire, phazi limodzi lili kale kutsogolo.

"Anti, ayi!" Hasina anamugwira chitenje. "Wakufa salowa m'bwalo! Mukalowa akhuthula botolo!"

Lamulo limenelo Chitemwa ankalidziwa kuposa kamwanako. Iye yemwe anakanganapo ndi anthu pabwalo lino chifukwa cha lamulo lomweli. Anaima pomwepo, zala za kuphazi zitakumba mchenga. Ankaopa, abale, ankaopa zedi. M'makutu mwake munkamveka kugwa kuja kwa pa njerwa za simenti. Koma anabweza phazi lija, n'kukhalanso pansi, manja atawapana pakati pa mawondo kuti asamuchititse manyazi.

Wiza anakweza mutu kufuna mayi ake. Anawaona ali pansi pakhoma, osabwera.

"Sunafe!" ana ankakuwa, a gulu lake ndi a gulu linalo omwe. "Mpira sunakukhudze! Dzuka! Akukautola, dzuka!"

Analira kanthawi ndithu. Ndiye, akulirabe, anatsamira manja pansi n'kudzikankha. Anakwawira pa botolo, kutapa mchenga ndi dzanja lamanzere, koma pothira botolo linapendama. Analigwira ndi lamanja. Anathira kamodzi, kawiri, mamina ali chuchuchu, mpira n'kumupeza pamwendo.

"Wafa!"

Mtsikana wina anatola botolo n'kukhuthula mchenga wonse pansi. Wiza anayang'ana kamulu kamchengako, ndipo kulira kwake kunasintha. Uku tsopano kunali kwa ukali.

"Wanga uja! Ndinathira ine!"

"Ndi mmene zimakhalira," anatero Hasina. "Tiye tikawaphe nawonso, tilowenso."

Chitemwa anayang'ana chigongono cha Wiza mwakabisira. Chinali ndi mchenga basi, ndi kakukalika pang'ono. Anafuna kumunyamula, kumupukuta, kunena kuti tiyeni tizipita. Anangomuvula nsapato zoyera zija n'kuziika pambali pa zake.

Anasinthana. Chitemwa ndi Hasina ankaponya, Wiza akuthamangira mipira yotayika n'kumaibweza ndi dzanja lamanzere, mpira n'kumapita kumene ukufuna wokha. Adija, ndi msinkhu wake wonse, anazinda ngati mtsikana, mpango ukuuluka, mpaka Chitemwa anamubwezera chipongwe chija pamsana. Gulu lonse litafa, inakhalanso nthawi yawo.

Ulendo uno Chitemwa sanachedwe. Mpweya unali utamuthera, ndipo mpira unamupeza asanathire kangati n'komwe. Hasina anachita chamuna, kufikitsa mchenga kupitirira pakati, kenaka naye anafa. Wiza sanadikire kuitanidwa. Analowa akuthamanga, n'kugwada, dzanja ili likutapa, ili litagwira botolo. Anazinda woyamba. Wachiwiri unamudutsa pamutu. Wachitatu unabwera molunjika pachifuwa, ndipo mwamwayi chabe anaukumbatira.

"Wawakha! Wawakha! Ponya kutali!"

Paja wapakati akawakha mpira safa, amauponya kutali kuti oponya akavutike kuutola, iye akudzaza botolo. Wiza analibe nthawi yoganiza. Dzanja lamanzere linali lodzaza mchenga. Anakweza lamanja, limene anabadwa akuponyera, n'kuponya.

"Mayo!"

Mpirawo sunapite kutali, tisanamizane. Unagwera chapafupi n'kugubuduzikira pansi pa kontena ya matayala. Wiza anaima atagwira chigongono, pakamwa pali yasa, misozi ili m'maso. Chitemwa anaona zonse: mkono uja unali utachoka pamimba, n'kutambasuka kuposa mmene unachitira madzulo onse a pabalaza aja. Analuma chitenje kuti asakuwe.

Mwanayo anayang'ana mayi ake. Kenaka anayang'ana mtsikana amene anali atagona pansi akupisa mkono pansi pa kontena. Anagwada n'kuyamba kutapa ndi manja onse awiri.

"Thira! Thira! Thira!"

Mchenga unakwera mpaka pamapewa a botolo. Unalowa m'khosi. Hasina ankadumphadumpha, Chitemwa akumenya pansi ndi zikhatho, ulemu wonse wa ku Capital Hill utapita ndi mphepo. Panatsala kampata kosakwana chala. Ndiye mpira unatuluka pansi pa kontena, kufika m'manja mwa Adija, ndipo Adija, mkono wake womwe uja, anaponya zenizeni. Unamupeza Wiza pamsana kuti thi.

Anthu asanamalize n'kukuwa komwe, kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya masana. Adija anakonza mpango wake.

"Basi ana inu, kwatha. Hasina, katunge madzi. Ine ndikaswali."

"Ayi!" Wiza anali atakumbatira botolo lija kuti asalikhuthule. "Sitinamalize! Mami sanadzuke!"

"Masewera satha tsiku limodzi, mwanangu," anatero Adija akuseka. "Funsa amako. Botololo tenga, tili nawo ambiri."

Atabwerera pakhonde, Adija anatola diresi la yunifolomu lija pamakina, sizasi ili kudzanja linalo.

"Ndikamaliza kuswali ndiyamba lako. Mabatani oyera kapena abuluu?"

Chitemwa analandira diresilo. Analiyang'ana m'mbali muja mmene munayenera kudulidwa, n'kulipinda bwinobwino, kulibwezera m'chikwama.

"Lolemba kukhala kulira," anatero.

"Kukhala kulira ndithu," anavomera Adija.

M'galimoto Wiza anakhala kumbuyo, tsitsi lili mbuu, bondo litakalika, mapazi osavala. Foni sanaipemphe. Botolo analiika pamiyendo ataligwira ndi manja onse awiri kuti mchenga usatayike pamabampu. Mkono unali wopindikabe, inde, sunawongoke tsiku limodzi, ndipo nthawi ndi nthawi ankausisita akukwinya nkhope. Anadutsa mlatho. Chitemwa ankaganiza za njerwa za pabwalo pake, kuti kodi Felton adzati chiyani akapeza zina zitazulidwa kuseri kwa khitchini kuti pakhale mchenga.

"Mami."

"Ee, mwanangu."

"Inuyo mukadali wakufa, eti?"

"Eya. Botolo silinadzaze."

Wiza anayang'ana kampata kaja m'khosi mwa botolo, n'kukayeza ndi chala cha dzanja lamanja.

"Musadandaule. Loweruka tibwerenso, ndidzakudzutsani. Koma muwauze anti Adija asadzaponye zonamizira."

Chitemwa anapatutsa galimoto n'kuima pambali pa msewu, chifukwa maso ake sankaonanso bwino.

"Ndidikira, mwanangu," anatero. "Ndikhala pakhoma pomwe paja, sindilowa."